Mibadwo ya Azungu a m'Maesiteti a ku Thyolo

Mibadwo ya Azungu a m'maesiteti a ku Thyolo ndiyo mzere wa mabanja aja amene, kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880, anasiya kwawo kutsidya kwa nyanja nadzatenga malo m'mapiri a kum'mwera kwa dziko lino, nalimamo khofi, fodya ndi thonje, kufikira tiyi, amene anabzalidwa m'bomali pa esiteti ya Bandanga mu 1908, anadzapambana mbewu zina zonse. Munthu wa kwa Mfumu Chimaliro, amene agogo ake anagwira thangata kapena anatchola tiyi, amawadziwa mabanjawa ndi maina a malo, monga Satemwa, Naming'omba ndi kwa Conforzi. Koma akafunsidwa kuti bwana woyambayo anabadwa kwa yani, ndipo kwawo kwenikweni kunali kuti, kawirikawiri amangoti anali Mngerezi. Yankho limeneli ndi loperewera, pakuti tikatsegula zikalata tipeza kuti ambiri a iwo sanali a ku England konse, ndiponso kuti njira yofikira kwa makolo awo imayambira pa chikalata cha malo.

Kumene anachokera

Mmodzi wa oyamba kutenga malo aakulu ku Cholo, monga ankalembera Thyolo masiku amenewo, anali Eugene Sharrer, munthu wa mtundu wa Chijeremani ngakhale anali nzika ya Britain, amene anafika mu 1888, nadzikundikira maekala oposa 360,000 m'mapiri ndi m'chigwa cha Shire. Mu 1902 malo akewo anawaika m'manja mwa British Central Africa Company, iye napita kukakhala ku London. Chotero wolondola mbiri ya malo amenewa amakumana ndi mabuku a kampani ndi maina a oyang'anira olembedwa ntchito, amene ankabwera ndi kupita. Njanji imene inafika ku Blantyre mu 1908, kudzera pa Luchenza pafupi ndi kwa Chimaliro, inatuluka m'maganizo a munthu yemweyu.

Mabanja amene anazika mizu anadza pambuyo. Ignazio Conforzi anali Mtaliyana, ndipo anakula pa fodya asanalowe m'tiyi. Maclean Kay, amene anayamba Satemwa mu 1923, anali wa ku Scotland, koma asanafike kuno anali atalima mitengo ya mpira ku Malaya, monganso Henry Brown, amene anabzala tiyi ku Thornwood ku Mulanje, anali atagwirapo ntchito m'minda ya ku Ceylon. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo anthu awa ankayendadi maiwe ambiri a ufumu wa Britain, kotero kuti ukwati wa munthu mmodzi ungalembedwe ku Asia, ubatizo wa ana ake ku Blantyre, ndipo imfa yake ku Salisbury kapena ku Ulaya.

Angerezi enieni analipo. Sir Malcolm Barrow wa ku Naming'omba anabadwira ku England mu 1900, anaphunzira ku Cambridge, nafika ku Nyasaland mu 1927. Anadzakhala nduna m'boma la Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland ndi wachiwiri kwa nduna yaikulu yake, namwalira mu 1973. Wina, wosiyana naye kotheratu pa mtima, anali Joseph Booth, wobadwira ku Derby mu 1851, amene anadzera ku New Zealand ndi Australia nafika kuno mu 1892 ndi mwana wake wamkazi Emily. Mishoni yake ya Plainfield ndiyo inapita kwa Aseventh mu 1902, nidzatchedwa Malamulo.

Zikalata ndi kumene zili

Dziko litalowa pansi pa chitetezo cha Britain mu 1891, Harry Johnston anayamba kufufuza za malo amene Azungu ankati anagula kwa mafumu, ambiri mwa malowo atagulidwa ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Ndipo amene anawavomereza anawapatsa zikalata zotchedwa Certificates of Claim. Chikalata chotere chimatchula mwini wake ndi malire a malowo, ndipo zambiri zinali ndi mawu oletsa kusuntha midzi ndi minda imene inalipo kale popanda chilolezo cha boma, mawu amene eni maesiteti anawapondereza m'zaka zotsatira. Kwa wofufuza mibadwo chikalatachi ndicho tsinde, pakuti malo akagulitsidwa, akachitidwa chikole kapena akasiyidwa kwa ana, dzina latsopano linkalembedwa, pamodzi ndi la mkazi wamasiye kapena la mbale wokhala kutsidya kwa nyanja.

Dzina ndi chaka zikapezeka, ulendo umawoloka nyanja. Ku England ndi Wales boma linayamba kulemba kubadwa, maukwati ndi imfa mu 1837, ku Scotland mu 1855. Kalembera wa anthu wa zaka khumi zilizonse anayamba kusunga maina a onse a m'nyumba mu 1841. Ndipo kumbuyo kwa zaka zimenezo kuli mabuku a ubatizo a m'matchalitchi. Potero munthu wodekha angathe kuyala maina monga amayalira m'Buku Lopatulika, kuti uje anabala uje, kufikira mibadwo isanu kapena isanu ndi umodzi.

Kuno kwathu mpata waukulu uli pa zaka zoyambirira, chifukwa mu 1919 moto unatentha ofesi yaikulu ya boma ku Zomba pamodzi ndi makalata ambiri a zaka za m'mbuyomo. Zotsala ndi zobwera pambuyo zili ku nyumba yosungira zikalata zakale ku Zomba komweko, imene inakhazikitsidwa mu 1947. Mpatawo umakwiriridwa pang'ono ndi nyuzipepala imene R. S. Hynde anayamba mu 1895, Central African Planter, kholo la Nyasaland Times, pakuti inkalengeza za ofika, okwatira ndi omwalira. Ndiponso ndi laibulale ya Society of Malawi m'nyumba ya Mandala ku Blantyre, yomangidwa mu 1882, mmene muli zithunzi, mapu ndi magazini a bungwelo kuyambira 1948. Miyala ya pamanda a ku mishoni ya Blantyre nayonso imalankhula, popeza pa ina pamalembedwa mudzi umene womwalirayo anabadwira, ndipo zaka zake zochepa zimasonyeza mmene malungo ankakololera anyamata aja.

Chinthu chimodzi chimene zikalata sizisunga ndi dzina limene anthu anamupatsa bwanayo. John Moir ankatchedwa Mandala chifukwa cha magalasi ake a m'maso, ndipo dzinalo linaphimba kampani yake yonse. Okalamba a m'midzi amakumbukira Mzungu ndi dzina lotere, pamodzi ndi khalidwe lake, ndi kapitawo amene ankamutumikira. Wofufuza amene angalumikize dzina la pakamwa ndi la papepala wapeza zimene mbali iliyonse payokha sikanamupatsa.

Chitsanzo cha banja la Bruce ndi Livingstone

Banja limene mbiri yake yalondoledwa bwino koposa m'chigawo chino ndi la eni Magomero, m'boma loyandikana nalo la Chiradzulu, ndipo liyenera kuikidwa pano chifukwa limasonyeza msampha umene umakola ambiri. David Livingstone anabadwira ku Blantyre wa ku Scotland mu 1813, ndipo agogo ake aamuna, Neil Livingstone, anachokera pa chilumba cha Ulva. Mwana wamkazi wa David, Agnes, anakwatiwa ndi Alexander Low Bruce, mkulu wa kampani yofulula mowa ku Edinburgh, amene anagula Magomero, maekala oposa 160,000, ndi Likulezi ku Mulanje, namwalira mu 1893 asanapondepo phazi. Mwana wawo Alexander Livingstone Bruce ndiye anadzakhala kuno, nayendetsa malowo ndi dzanja lolimba zaka zambiri. Ameneyu anali mdzukulu weniweni wa mmishonale uja, ndipo zikalata zimachitira umboni mbadwo uliwonse.

Koma woyang'anira wa pa Magomero, William Jervis Livingstone, amene anthu ankamutcha Listonia, ndipo anaphedwa usiku wa pa 23 Januwale 1915 pa kuukira kwa John Chilembwe, anali wa nyumba ina. Iye anabadwa mu 1865 m'banja la Livingstone la ku Bachuil pa chilumba cha Lismore, banja lakale limene limasunga ndodo ya Moluag Woyera. Anthu a nthawi imeneyo ankamuyesa mbale wa David Livingstone, ndipo olemba ena anabwereza mawuwo mosafufuza. Koma chimene chili poyera ndi dzina limodzi ndi fuko limodzi la m'zilumba zoyandikana, ubale wonga wa Aphiri awiri amene anakumana pa msika. Kuona maso a nkhono n'kudekha: kufanana kwa dzina sikulowa m'malo mwa buku la ubatizo.

Amene zikalata zinawasiya kunja

Pano pali chinthu chowawa mtima, chimene nkhani yoona siyenera kuchilambalala. Manja amene anagwetsa nkhalango za Thyolo ndi kubzala tiyi anali a Amang'anja, eni nthaka, ndi a Alomwe amene anathawa ulamuliro wa Apwitikizi ku Mozambique kuyambira cha m'ma 1900, nakhala pa malo a Azungu polipira ndi thangata. M'mabuku a boma anthu awa amaoneka ngati chiwerengero cha nyumba zokhoma msonkho, pansi pa dzina lachipongwe la Anguru, limene Lewis Bandawe ndi bungwe la Alomwe analimbana nalo m'zaka za m'ma 1940 kufikira boma linalisiya. Mibadwo yawo imalondoledwa m'njira ina, kudzera ku bele, kwa mwinimbumba ndi kwa agogo aakazi, amene amadziwa phiri limene makolo anachokera ndi mtsinje umene anawolokera. Ndipo nkhalamba yotere ikatisiya isanafunsidwe, palibe nyumba ya zikalata imene ingabweze zimene yapita nazo.

Pakati pa mizere iwiriyi pali ana amene Azungu ena anabereka mwa akazi a m'midzi. Maukwati otere kawirikawiri sankalembedwa, ndipo mtengo wa banja wojambulidwa ku Ulaya sutchula nthambi imeneyi, ngakhale kuno anthu onse ankadziwa bambo wake wa mwanayo. Ana amenewa anadzipangira bungwe lawo, Anglo-African Association, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndipo Henry Ascroft anali mmodzi wa atsogoleri ake. Makalata awo opita ku boma, opempha sukulu ndi malo chifukwa cha mwazi wa atate awo, ali pakati pa maumboni ochepa olembedwa a mabanja otere.

Komabe dzina lachizungu palokha si umboni wa mwazi wachizungu, pakuti ambiri analitenga pa ubatizo, kusukulu ya mishoni kapena pa ntchito. Bingu wa Mutharika, amene anabadwa mu 1934 m'mudzi wa Kamoto kwa Chimaliro komweko, pa unyamata wake ankadziwika ndi dzina la Thom, asanabwerere ku dzina la makolo.

Malo a maesiteti aja anayamba kusintha manja pambuyo pa kafukufuku wa Sir Sidney Abrahams mu 1946, ndiponso pambuyo pa zipolowe za mu Ogasiti 1953, zimene zinayambira pa esiteti ya Mangunda pafupi ndi Luchenza, niziphetsa anthu khumi ndi mmodzi. Boma linagula zigawo zazikulu kwa makampani nkukhazikapo anthu, ndipo maesiteti ambiri otsala ali m'manja mwa makampani, kupatula ochepa monga Satemwa, amene akali a zidzukulu za woyambitsa wake.