Golide ndi siliva wa m'masamba: mbiri ya tinjere tosaoneka ndi maso

Ku British Museum kuli chikho cha Aroma cha m'zaka za m'ma 300, chotchedwa Lycurgus. Kuwala kukachimenya kutsogolo chimaoneka chobiriwira, kukalowera kumbuyo kwake chimafiira. Chinsinsi chake ndi tinjere ta golide ndi siliva tomwe tili m'galasimo, tochepa moti pafunika pafupifupi 1,000 kuti tifanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi.

Mu 1857 Michael Faraday wa ku London anathira fosiforasi m'madzi a mchere wa golide, madziwo n'kufiira, ndipo anazindikira kuti chofiiracho ndi golide yemweyo atagawika kwambiri. Mu 1951 John Turkevich ndi anzake anafalitsa njira yophweka, yowiritsa mchere wa golide pamodzi ndi mchere wa asidi wopezeka m'mandimu. Golide wotereyu tonse tinamuonapo: pa zida zambiri zoyezera malungo mwachangu, kamzere kofiira kamene kamatuluka magazi akadonthezedwa ndi iyeyo. Siliva naye anali kale m'chipatala. M'ma 1880 Carl Credé wa ku Leipzig ankadontheza mchere wake m'maso mwa makanda kuti asachite khungu, ndipo m'ma 1960 kunabwera mafuta a siliva opaka pa zilonda zamoto.

Koma njira zina zopangira tinjereti zinkadalira makemikolo aukali, osiya zinyalala zapoizoni. Paul Anastas ndi John Warner atatulutsa buku lawo mu 1998 lolimbikitsa kupanga zinthu mosaononga chilengedwe, maso anatembenukira ku zamoyo. Ofufuza anayamba ndi mabakiteriya ndi nkhungu. Mu 2002 gulu la Jorge Gardea-Torresdey ku El Paso, m'dziko la America, linapeza tinjere ta golide mkati mwa alfalfa, mbewu yodyetsa ziweto, amene anamera pamalo othiridwa mchere wa golide. Zinali zodabwitsa ndithu, kungoti kuchotsa golideyo m'mbewumo inali ntchito inanso.

Amene anadula njira ndi a ku Pune, ku India, motsogozedwa ndi Murali Sastry. Iwo anati kudikiriranji mbewu kuti ikule, pomwe msuzi wa masamba ungagwire ntchitoyo? Mu 2003 anayesa geranium, mu 2004 nimu, ndipo chaka chomwecho udzu wa lemongrass unawapatsa golide wa makona atatu. Kachitidwe kake n'kosavuta. Umatsuka masamba, kuwaduladula, kuwawiritsa mphindi zochepa, kusefa, n'kuthira msuziwo m'madzi a mchere wa siliva. Madzi oyera mbee aja amayamba chikasu, kenaka n'kudera ngati tiyi wopanda mkaka. Zimene zachitika n'zakuti shuga ndi makemikolo ena a m'tsambalo abwezera silivayo kukhala chitsulo, n'kukutira kanjere kalikonse kuti kasamatirirane ndi kanzake.

Kuphwekako ndiye kunabweretsa vuto. Posakhalitsa pafupifupi chomera chilichonse chinalowa mu poto: tiyi, moringa, adyo, makoko a nthochi. Malipoti ambiri amafanana mapeto ake, akuti tinjereti tapha mabakiteriya kapena maselo a khansa m'kambale ka mu labotale. Zimenezo sindizitsutsa, koma bulichi nayenso amapha zonsezo m'kambale, ndipo palibe dokotala amene angamubaye munthu. Komanso tsamba la nimu la m'dzinja silifanana ndi la m'chilimwe, la kudambo silifanana ndi la kumtunda. Msuzi ukasintha, tinjere timasintha kukula ndi maonekedwe, pomwe mabungwe ovomereza mankhwala amafuna kuti botolo la lero lifanane ndi la chaka chamawa. Siliva akachuluka m'thupi amathanso kusiya khungu lotuwira mpaka kalekale.

Ofufuza amene ndimawaona kuti agwira njira ndi omwe asiya msuzi wonse n'kusankhamo kemikolo imodzi yodziwika bwino. Mu 2012 gulu la Kattesh Katti pa University of Missouri linagwiritsa ntchito EGCG, kemikolo ya mu tiyi, kupanga tinjere ta golide wotulutsa cheza, ndipo titabayidwa m'zotupa za khansa ya prostate pa mbewa, zotupazo zinakula mochepa kwambiri poyerekeza ndi za mbewa zosabayidwa. Pambuyo pake gulu lomwelo linatembenukira ku mangiferin, kemikolo ya mu mtengo wa mango.