Much, many, few, little: mawu a Chingerezi onena kuchuluka kwa katundu

Chimanga, nandolo, soya ndi nyemba za ku Molumbo sizithera m'boma lomweli. Zina zimapita ku Milange, zina n'kuwoloka pachipata cha Muloza kukafika pamsika wa Limbuli, m'boma la Mulanje ku Malawi. Potsatsana malonda pakamwa Chichewa chimakwanira. Koma nkhani ikafika papepala, monga risiti, fomu ya pachipata, kalata ya mgwirizano kapena uthenga wa pafoni wochokera kwa wogula wamkulu, mbali ya Malawi kawirikawiri amalemba m'Chingerezi. Pamapepala otere mawu ofunika kwambiri kwa mlimi ndi onena kuchuluka kwa katundu, chifukwa ndi pamene pagona ndalama yake.

Magulu awiri a mayina

Chingerezi chimagawa mayina a zinthu pawiri. Gulu loyamba ndi la zinthu zowerengeka chimodzichimodzi: bag, thumba; goat, mbuzi; hoe, khasu; egg, dzira. Mayina amenewa amalandira nambala kutsogolo, ndipo zinthuzo zikaposa chimodzi ambiri a iwo amawonjezera s kumapeto: "one bag", "ten bags".

Gulu lachiwiri ndi la zinthu zimene zimayezedwa, osati kuwerengedwa: maize, chimanga; rice, mpunga; flour, ufa; salt, mchere; water, madzi; fertiliser, feteleza; tobacco, fodya. Ponena kuchuluka, mayina amenewa salandira nambala, salandira s, komanso salandira a kapena an. Kunena kuti "ten maizes" kapena "a flour" n'kulakwitsa.

Wolankhula Chichewa ali ndi poyambira. Amafunsa kuti "mbuzi zingati?" koma safunsa kuti "ufa ungati?" akafuna kudziwa kuchuluka kwake, amati "ufa wochuluka bwanji?" Kusiyana kumeneku ndi komwenso Chingerezi chimatsata. Vuto limabwera chifukwa Chichewa chili ndi tsinde limodzi lonenera kuchuluka m'magulu onse awiri: mbuzi zambiri, ufa wambiri. Chingerezi chili ndi mawu awiri.

Much ndi many

Many amayenda ndi zowerengeka: "many bags", "many goats". Much amayenda ndi zoyezedwa: "much rain", "much fertiliser". Pofunsa ndi chimodzimodzi. "How many bags?" akutanthauza matumba angati. "How much maize?" akutanthauza chimanga chochuluka bwanji.

Funso lakuti "How much?" lili ndi ntchito ziwiri, ndipo apa ndi pamene wogula ndi wogulitsa amasemphana. "How much maize do you have?" ndi funso la kuchuluka kwa chimanga. "How much is the maize?" ndi funso la mtengo. Kamawu kakuti is ndi kamene kasintha nkhani. Mlimi wolandira uthenga pafoni ayenera kuwerenga chiganizo chonse asanayankhe, kuopa kutumiza nambala ya matumba kwa munthu amene akufunsa mtengo wa thumba limodzi.

Much amamveka bwino m'mafunso ndi m'ziganizo zokana: "We did not get much rain." Ponena motsimikiza, olankhula Chingerezi amakonda "a lot of", mawu amene amayenda ndi magulu onse awiri: "a lot of maize", "a lot of bags". Wokayika pakati pa much ndi many angathawire pamenepo.

Few ndi little

Ponena kuchepa, few ndi wa zowerengeka, little ndi wa zoyezedwa. Koma chilembo chimodzi, a, chimasintha tanthauzo. "A few bags" ndi matumba angapo, alipo ndithu. "Few bags" ndi matumba ochepa kwambiri, osakwanira. "I have a little maize" akuti ndili nachoko chimanga, pamene "I have little maize" ndi dandaulo la munthu amene nkhokwe yake yatsala pang'ono kutha. Wolemba kalata yopempha thandizo la mbewu kapena chakudya akaika a posafunika, kalatayo imamveka ngati ya munthu amene zake zili bwino.

Poyerekeza zaka ziwiri, lamulo la m'mabuku limati fewer ndi wa zowerengeka, less ndi wa zoyezedwa: "fewer bags", "less maize". More alibe tsankho: "more bags", "more maize". Some ndi any nawonso amalowa konsekonse. Some amabwera potsimikiza ndi popempha, any pofunsa ndi pokana: "I have some salt", "I do not have any salt".

Muyeso ndiwo umawerengedwa

Chinthu chosawerengeka chimalandira nambala kudzera m'chotengera kapena muyeso wake, ndipo pakati pamalowa of: "a bag of maize", "two pails of flour", "five litres of cooking oil", "three bales of tobacco", "20 kilos of rice". Chilembo s chimapita pa thumba, pa ndowa kapena pa belo, osati pa mbewuyo.

Pamgwirizano wolemba, thumba palokha si muyeso wodalirika. Thumba lodziwika pamalonda a chimanga ndi feteleza ndi la makilogalamu 50, koma pamisika pamapezeka matumba aakulu kuposa pamenepo. Pepala lolembedwa "ten bags of maize" limasiya mpata wa mkangano. Lolembedwa "ten 50 kg bags of maize" latseka mpatawo, chifukwa likunena makilogalamu 500. Chidule cha kg sichilandira s. Pafomu, malo olembedwa quantity amafuna nambala pamodzi ndi muyeso wake, pamene unit price ndi mtengo wa kilogalamu imodzi kapena thumba limodzi, osati wa katundu yense.

Mayina opusitsa

Money ndi dzina losawerengeka, ngakhale ndalama zimawerengedwa tsiku ndi tsiku. Chichewa chimati "ndalama zingati?" koma Chingerezi chimati "How much money?" Chimene chimalandira nambala ndi dzina la ndalamayo: "500 meticais", "2,000 kwacha".

Mbewu za mtundu wa nyemba zili m'gulu la zowerengeka: beans, groundnuts, pigeon peas, cowpeas. Choncho amati "The beans are dry", koma "The maize is dry". Komabe palibe amene amawerenga nyemba imodziimodzi pamsika, funso lake ndi "How many kilos of beans?"

Mayina ena ali uku ndi uku. "Three chickens" ndi nkhuku zitatu zamoyo, pamene "some chicken" ndi nyama ya nkhuku ya m'mbale. Seed ndi mbewu yonse yobzala, monga "a bag of seed", koma seeds ndi njere zowerengeka zoponya paphando: "two seeds". Sheep sasintha zikachuluka: "one sheep", "six sheep". Cattle amanena ng'ombe zambiri nthawi zonse. Imodzi ndi "a cow" ikakhala yaikazi, "a bull" ikakhala nkhunzi, "an ox" ikakhala yofulidwa.

Kwa amene anaphunzira m'Chipwitikizi

Ana a sukulu ku Mozambique amafika pa Chingerezi atadutsa kale m'Chipwitikizi, ndipo chimawathandiza. Muito ndi muita amafanana ndi much, muitos ndi muitas amafanana ndi many. Quanto ndi "how much", quantos ndi "how many". Pouco ndi little, poucos ndi few.

Koma zilankhulo ziwirizi siziika mayina onse m'magulu ofanana. Chipwitikizi chimati "muito feijão" ndi "muito amendoim", ngati chinthu choyezedwa, pamene Chingerezi chimati "a lot of beans", "a lot of groundnuts". Mbali inayi, Chipwitikizi chimachulukitsa informações, conselhos ndi equipamentos, koma information, advice ndi equipment m'Chingerezi salandira s. Wofuna kunena langizo limodzi amati "a piece of advice". News amathera ndi s koma sawerengedwa: "The news is good."

Mwachidule

Zowerengeka: many, few, a few, fewer, how many.
Zoyezedwa: much, little, a little, less, how much.
Zonse ziwiri: a lot of, some, any, more, enough.

Mlimi akakumana ndi dzina lachilendo, dikishonale yabwino ya ophunzira imaika chilembo C pa dzina lowerengeka ndi U pa losawerengeka. Ndipo asanasaine pepala lililonse la malonda, aone ngati pali zinthu zitatu izi: nambala, muyeso ndi dzina la katunduyo. Chimodzi chikasowa, apemphe kuti chilembedwe katundu asanakwere galimoto.