Handel: mkulu amene sanachite manyazi kusintha njira

Anzanga okonda mpira, mukuidziwa nyimbo ija imalira Champions League ikamayamba? Gwero lake ndi Zadok the Priest, nyimbo yomwe George Frideric Handel anapeka mu 1727 pa mwambo wolonga ufumu George II wa ku Britain. Lero tiyeni timudziwe mwini wakeyo.

Handel anabadwa mu 1685 ku Halle, m'dziko la Germany. Bambo ake ankafuna kuti adzakhale loya, ndipo mu 1702 analembetsadi pa yunivesite. Koma chaka chotsatira mnyamata uja anali ali kale ku Hamburg, akuimba vayolini m'gulu la opera. Opera ndi sewero loti mawu ake amachita kuimbidwa, zida zikulira. Atakanola luso lake ku Italy anapita ku London, komwe opera yake Rinaldo inagwedeza mzinda mu 1711. Anakhazikika komweko ndipo anapeka ma opera pafupifupi 40.

Vuto linali ndalama. Ma operawa ankaimbidwa m'Chitaliyana, chinenero chomwe Angelezi ambiri sankachimva, ndipo akatswiri oimba ochokera ku Italy ankalipiritsa zokwera. Mu 1728 kampani yomwe Handel ankatsogolera nyimbo zake inagwa. Anayesanso, koma kenaka kunabuka gulu lina lopikisana naye lomwe linamulanda oimba. Mu 1737 dzanja lake lamanja linachita dzanzi moti sankatha kuimba chida, mpaka anakachirira ku akasupe a madzi otentha ku Aachen. Opera yake yomaliza, Deidamia, inangoonetsedwa katatu basi mu 1741.

Tangoganizani, munthu wa zaka 56, ntchito yomwe inamutchukitsa ikutha. Ambirife tikanangoti basi, nthawi yathu yadutsa. Iye anaika mtima pa oratorio, mtundu wa nyimbo womwe anali atauyamba kale: nkhani za m'Baibulo zoimbidwa m'Chingelezi, popanda zovala zamasewero ndi zokongoletsa zodula, kwaya ili patsogolo. Mnzake Charles Jennens anamusonkhanitsira mavesi, ndipo Handel analemba Messiah m'masiku 24 okha.

Messiah inaimbidwa koyamba ku Dublin pa 13 Epulo 1742. Kuti anthu akwane m'holo, amayi anapemphedwa kusiya zingwinjiri zotukumula madiresi, abambo kusiya malupanga kunyumba. Ndalama zomwe zinapezeka, pafupifupi mapaundi 400, zinapita ku zipatala ziwiri komanso kukaombola anthu 142 omwe anali m'ndende chifukwa cha ngongole. Kuyambira 1750 inkaimbidwa chaka ndi chaka pothandiza Foundling Hospital, nyumba yolerera ana osiyidwa ku London. Haleluya yotchuka ija, imene makwaya amalimbana nayo pa Khirisimasi ndi Isitala, ili m'menemo.

Pofika 1753 maso ake anali atafa, komabe ankakhala pa ogani n'kumaimba za pamtima. Pa 6 Epulo 1759 anakamvera Messiah komaliza, n'kumwalira pa 14 mwezi womwewo. Anaikidwa ku Westminster Abbey.

Ndiye inu amene mayeso sanakuyendereni, kapena geni yagwa, dzifunseni: chomwe chakanika ndi luso lanu, kapena njira yomwe mumaligulitsira? Handel luso anali nalo lomwe lija. Anangoyamba kuimbira anthu m'chinenero chomwe ankamva.

Tikakumana pa msonkhano wotsatira, bwerani mutamvera Haleluya ija kamodzi, tidzakambirane.