MALIRO OPANDA MANDA: ZA MBOMBWE, 1915

Ife a ku Chiradzulu tidziwa mwambo wa maliro. Munthu akatsikira kuli cete, mbumba isonkhana pa siwa. Amai agona m'nyumba pamodzi ndi mtembo, abambo acezera panja pa moto, ndipo m'mamawa adzukulu amuka kukakumba. Tikaika mbale wathu tibwerera ndi mtima wosweka, komabe tidziwa pamene agona, ndipo tsiku lina tidzapita kukalambula kapena kumanga ciliza. Koma alipo maliro ena owawa koposa, ndiwo maliro opanda manda. Za maliro otere tifuna kukamba mwezi uno, pokumbuka zimene zinagwera Akristu a ku Mbombwe.

John Chilembwe, mwana wa dziko lino, anatumikira Joseph Booth, namuka naye ku America m'caka ca 1897. Kumeneko anaphunzira za ubusa ku Lynchburg, nabwerera kwao m'caka ca 1900, nayamba Providence Industrial Mission pa Mbombwe, mothandizidwa ndi Abaptisti akuda a ku America. Mbusa L. N. Cheek ndi Mai Emma DeLany anadza kudzamthangata, nakhala naye zaka zingapo. Mpingo unakula, masukulu anatsegulidwa m'midzi, ndipo Akristu anamanga chalichi cacikuru ca njerwa, cimene cinatha m'caka ca 1913.

Koma masiku aja anali olemera. Ambiri a mpingo anakhala pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene anagwira thangata m'malo mwa kulipira pokhala pao, ndipo nyumba zao zopemphereramo zinatenthedwa. M'caka ca 1914 inabuka nkhondo ya Azungu, ndipo asilikari a dziko lino anagwa ku Karonga. Pamenepo Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti aumphawi alikufera nkhondo yosati yao, nasiya akazi amasiye ndi ana amasiye opanda wowasamalira. Boma silinalole kuti mau ace afalikire.

Usiku wa Loweruka, pa 23 Januwale 1915, anthu ace anauka ndi mikondo. Anapha Azungu atatu pa minda ija, mmodzi wa iwo W. J. Livingstone, woyang'anira wa ku Magomero. Pa 26 Januwale anatentha misyoni ya Akatolika ku Nguludi, nabvulaza wansembe, ndipo kamtsikana kamasiye kanafera m'motomo. Mwazi umenewu sitiubisa, pakuti nawonso anali ndi owalira, ndipo Mulungu sawerenga misozi mwa khungu.

Kubwezera kwa boma kunali kwakukuru. Pa 3 Febuluwale Chilembwe anaomberedwa m'dera la Mulanje alikuthawira ku dziko la Apwitikizi, ndipo anamuika mobisa, osaikapo cizindikiro. Oposa 30 anaweruzidwa kuphedwa, mwa iwo John Gray Kufa ndi Duncan Njilima. Ngati 300 anaponyedwa m'ndende. Ena anafera m'chire, ena anaoloka malire. Chalichi cija anaciphulitsa, ndipo mpingo unaletsedwa.

Tsono taganizani za otsala. Mkazi amene mwamuna wace anaturuka usiku uja osabweranso, akanayala kuti mphasa ya maliro? Ndani akanalimba mtima kudzakhuza maliro a munthu amene boma linamuyesa woukira? Mbusa amene akanawatonthoza anali mmodzi wa akufawo, ndipo nyumba imene akanaimbiramo inali mulu wa njerwa. Panalibe mtembo woti asambitse, panalibe dothi loti aponye.

Mtima wa munthu subvomera msanga imfa imene maso sanaione. Cifukwa cace inamveka mbiri m'midzi, nikhala zaka zambiri, yakuti Chilembwe sanafe, anapulumuka, ndipo adzabweranso. Sitiwaseka amene anatero, pakuti cisoni copanda manda cibala ciyembekezo cotere. Mai amene mwana wace anasowa acheza khutu ku khomo usiku uli wonse. Koma ciyembekezo cimeneci cidya mwini wace, popeza tsiku liri lonse limnamiza, ndipo bala silipola.

Malembo atipatsa ciyembekezo cina, cosatsamira pa manda. Mose, mtumiki wa Mulungu, anaikidwa m'dziko la Moabu pamalo posadziwika ndi munthu. Koma pa phiri paja Ambuye wathu anawalitsidwa, Mose anaoneka wamoyo, nalankhula naye. Amene Aisrayeli sanadziwe pamene agona, Mulungu sanamtaye. Mariya wa Magadala anayamba tsiku la kuuka ndi kulira komweku, kwa munthu wosowa mtembo wa wokondedwa wace. Ndipo ali cilirire, Yesu anamuitana ndi dzina lace. Yohane pa Patmo anaona kuti ngakhale nyanja idzabweza akufa ace. Potero pamene tibvomereza mu mpingo kuti tikhulupirira kuuka kwa thupi, sitinena za matupi okhawo amene tinawaika m'bokosi ndi nyimbo. Tinena za onse. Manda athandiza ife otsala, koma Woukitsayo safuna ciliza kuti apeze munthu wace.

Zaka 11 Mbombwe anakhala bwinja, koma cikhulupiriro cinasungika m'mitima ya otsala monga moto m'citsa. Ndipo kunali mnyamata wa kuno, Daniel Sharpe Malekebu, amene anaphunzira pa Mbombwe, natsata Mai DeLany ku America, nakhala dotolo pa Meharry Medical College m'caka ca 1917. Pofuna kubwerera kwao poyamba boma linamkaniza, ndipo anakatumikira ku Liberia. Koma m'caka ca 1926 analoledwa, nafika ndi mkazi wace Flora, natsegulanso misyoni. Obalalika anasonkhana, sukulu inayambanso, chalichi catsopano cinamangidwa, ndipo mpingo unafalikira kufikira m'maiko oyandikana nafe.

Tisasokoneze zinthu ziwirizi. Kumangidwanso kwa chalichi sindiko kuuka kwa akufa. Akazi amasiye a 1915 analowa m'nyumba yatsopano ali amasiyebe, ndipo amuna ao sanabwerere. Ngakhale ulemu umene dziko lipatsa Chilembwe lero, posunga tsiku la 15 Januwale ndi poika nkhope yace pa ndalama, sunaukitse munthu. Izi ndi zizindikiro cabe, zotikumbutsa kuti cimene anthu aciyesa cotha, kwa Mulungu sicinathe. Kuweruza nchito za usiku uja, za oukira ndi za obwezera omwe, kuli kwa Iye amene adzaukitsa onse.

Mbiri imeneyi si ya makolo okha. Angati a m'midzi yathu anamuka ku migodi ya ku Joni ndi ku Salisbury, nafera komweko, abale ao osaona manda? Ndipo m'caka ca 2023, pamene namondwe Freddy anagumula mapiri, matope anakokolola mudzi wa Ntauchira kuno kwathu, ndipo ena sanapezeke. Alipo pakati pathu okhala pa benchi limodzi ndi ife tsiku la Sabata, amene alibe poika nkhata.

Cifukwa cace, akuru a mpingo ndi amai a cigwirizano, tisayembekeze mtembo kuti tikhuze maliro. Timuke ku nyumba zotere ndi ufa ndi nkhuni monga ticita pa maliro ena. Tichule dzina la wosowayo m'pemphero, ndi kulola mwini maliro alire kufikira atakhuta. Tisamuuze kuti aleke misozi, popeza Ambuye mwini analira ku Betaniya, angakhale anadziwa kuti adzaukitsa Lazaro. Koma atalira timkumbutse kuti mbale wace sali posadziwika. Ife sitidziwa pamene agona, monga a ku Mbombwe sanadziwe. Mbusa wamkuru adziwa, ndipo tsiku lomariza adzamuitana ndi dzina lace.