Kasankhidwe ka servo ndi bolodi popanga loboti yaing'ono

Loboti yopangira panyumba kapena kusukulu imadalira zinthu ziwiri: servo, yomwe ndi mota yotembenuka kufika pomwe yalamulidwa n'kuima pomwepo, ndi bolodi yoipatsa malamulowo. Ambiri amathamangira kugula bolodi, koma poyambira penipeni ndi kulemera kwa katundu amene lobotiyo idzanyamule.

Mphamvu ya servo imalembedwa mu kg·cm, ndipo imapezeka pochulukitsa kulemera kwa katundu ndi kutalika kwa mkono. Mkono wa masentimita 10 wonyamula magalamu 100 umafuna 1 kg·cm, kulemera kwa mkonowo kusanawerengeredwe. Nambala yolembedwa pa paketi ndi ya pamene servo yafika polephera kutembenuka, choncho n'kwanzeru kugula yamphamvu kuwirikiza kawiri kuposa zomwe masamu anena.

SG90, yolemera magalamu 9, imapereka pafupifupi 1.8 kg·cm. Ndi yotsika mtengo ndipo imakwanitsa kutembenuza kakamera kapena chala, koma magiya ake ndi apulasitiki: mkono ukagunda chinthu, mano amathothoka. Paphewa kapena pamwendo wa loboti pamafunika monga MG996R, ya magiya achitsulo, yolemera magalamu 55, yopereka pafupifupi 10 kg·cm.

Pamene ambiri amagwa mphwayi ndi pa magetsi. MG996R imodzi ikapanikizika imatha kukoka ma ampere 2.5, pomwe USB 2.0 ya kompyuta imapereka 0.5 yokha. Bolodi imazima n'kuyakanso, servo n'kumanjenjemera, mwiniwake n'kuchezera usiku kufufuza cholakwika mu pulogalamu yopanda vuto. Ma servo akhale ndi batire lawolawo la mavoti 5 mpaka 6, koma waya wake wa ground ulumikizidwe ndi wa bolodi.

Kusankha bolodi n'kosavuta. Arduino Uno imayendetsa ma servo mpaka 12, ndipo ndi yokwanira kwa woyamba kumene. Wofuna kulamula loboti ndi foni atenge ESP32, yomwe ili ndi Wi-Fi ndi Bluetooth. Raspberry Pi ndi yamphamvu kuposa zonsezi, komabe Linux yake siisunga nthawi mosaphonya, pomwe servo imayembekezera chizindikiro maulendo 50 pa sekondi. N'chifukwa chake amaiphatikiza ndi PCA9685, kabolodi koyendetsa ma servo 16 kudzera pa mawaya awiri okha a malamulo. Loboti ya miyendo 6 ya mfundo zitatu pa mwendo uliwonse imafuna ma servo 18, kutanthauza timabolodi tiwiri totere.