Madzulo a ku Forodhani

Forodhani ndi bwalo la m'mphepete mwa nyanja mumzinda wakale wa Zanzibar. Kale pamalopa pankakocheza zombo zamatanga, zobweretsa nsalu ndi mikanda, zotenga minyanga ya njovu. Mu 1936, Sultan Khalifa atakwanitsa zaka 25 ali pampando, malowa adawasandutsa paki.

Anthu adazolowera kupitako dzuwa likapepa, poti masana kumatentha zedi. Mabanja amakhala pansi pa mitengo kupitidwa mphepo, anyamata akuthamanga n'kudziponya m'madzi kuchokera pakhoma la gombe, anzawo akukuwa. Kukada, ogulitsa amayatsa nyali, kuwotcha nsomba pamakala ndi kufinya nzimbe, madzi ake n'kuthiramo ndimu.

Pakiyi itawonongeka, bungwe la Aga Khan Trust for Culture lidaikonzanso, ndipo idatsegulidwanso mu 2009.