Tizilombo ta M'chifu cha Ziweto ndi Mpweya wa Methane

Ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa sizigaya udzu pazokha. Ntchitoyi amagwira ndi mabakiteriya ndi tizilombo tina tosaoneka ndi maso tokhala m'chifu, chomwe ndi chigawo chachikulu mwa zigawo 4 za mimba ya ziwetozi. Msipu ukamasasa m'menemo, gulu lina la tizilomboti limapanga methane, mpweya wotenthetsa dziko umene chiweto chimatulutsa pogeya. Mphamvu ya chakudya yotayika motere imakhala 2 mpaka 12 peresenti.

M'chilimwe, m'maboma oweta ng'ombe monga Chikwawa ndi Nsanje ku Malawi, udzu wouma umasowa mapuloteni, tizilomboti timafooka, ndipo ng'ombe zimawonda. Kuzipatsa madeya kapena masamba a lukina kumachulukitsa mkaka, kotero kuti methane wotuluka pa lita iliyonse amachepa.